Gemu Imodzi, Malipiro Ambirimbiri: Mbiri ya Mkangano wa Europa Universalis IV

Munthu amene wangouzidwa kumene za gemu ya Europa Universalis IV akatsegula tsamba lake pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, chimene chimamuimitsa mutu si mtengo wa gemuyo ayi. Ndi mndandanda umene uli m'munsi mwake: Wealth of Nations, El Dorado, The Cossacks, Mandate of Heaven, Dharma, Emperor, Leviathan, mpaka chala kutopa n'kutsitsa. Zimenezi ndi zowonjezera, zomwe osewera amangoti ma DLC, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wakewake. Gemu yeniyeniyo inayamba kugulitsidwa pa madola 40 a ku America, koma inafika nthawi yoti ukawonkhetsa zowonjezera zonse, ndalama zake zinkapitirira madola 300. Osewera akhala akukangana za chilungamo cha zimenezi kwa zaka zoposa 10, ndipo chimene ankadandaula pachiyambi si chimene ankadandaula pomaliza.

Kwa amene sanaionepo, gemuyi imakupatsa mapu a dziko lonse lapansi monga linalili pa 11 Novembala 1444, n'kukusiya usankhe ufumu uliwonse, kaya France, kaya Ming, kaya kamzinda kakang'ono ka ku Germany, uwulamulire mpaka 1821. Sugwira mfuti. Ntchito yako ndi misonkho, malonda, maukwati a mafumu, chipembedzo, mapangano ndi nkhondo. Eni ake ndi kampani ya ku Sweden ya Paradox, ndipo muzu wake ndi masewera a patebulo a Mfalansa Philippe Thibaut, amene Johan Andersson ndi anzake anawasandutsa a pakompyuta mu 2000.

Poyamba zinthu zinkayenda mwachikale. Europa Universalis III, ya mu 2007, inalandira zowonjezera zinayi: Napoleon's Ambition, In Nomine, Heir to the Throne ndi Divine Wind, chomalizachi mu 2010. Zinali zosanjikizana, moti kuti chachitatu chigwire ntchito unkayenera kukhala ndi ziwiri zoyambazo. Chatsopano chikatuluka, ntchito yokonza zolakwika inkasamukira kumeneko, amene sanagule n'kutsala ndi gemu yawo yolumala. Anzako akagula iwe osagula, kusewera limodzi kunkathera pomwepo.

Yankho linabwera ndi gemu ina ya kampani yomweyi, Crusader Kings II, mu 2012. Tsopano chowonjezera chilichonse chinkaima pachokha, ugule chimene wafuna, ndipo tsiku limene chatuluka aliyense, wogula ndi wosagula yemwe, ankalandira chigamba chaulere chokonza ndi kukulitsa gemu. Posewera pagulu zinkakwanira kuti amene waitana anzakeyo akhale nazo, enawo n'kudyera momwemo. Njirayi inali yabwino ndithu kuposa yakale, koma ming'alu inaoneka msanga. Mafumu achisilamu anali pamapu kuyambira tsiku loyamba, koma kuti uwasewere unkayenera kugula Sword of Islam, ndipo ena anati uku n'kugulitsa munthu chinthu chimene wagula kale. Kenaka kunatuluka Sunset Invasion, m'mene asilikali a Aztec amawoloka nyanja kudzathira nkhondo Ulaya, okonda mbiri yeniyeni n'kupsa mtima kuti nthawi ikuthera pa nthabwala. Komabe awa anali madandaulo opepuka, poti chimene sukuchifuna unkangochisiya.

Europa Universalis IV inatuluka pa 13 Ogasiti 2013 itatengera njira yomweyi, ndipo chaka choyamba ndi theka kunali mtendere. Conquest of Paradise, cha mu Januwale 2014, chinalola kuti kumene kuli America kukhale maiko ongopeka osadziwika ndi aliyense. Ena anakondwa, ena anaseka maonekedwe a maikowo. Art of War, cha mu Okutobala chaka chomwecho, chinayamikiridwa ngakhale ndi ouma manja, ndipo chigamba chake chaulere chinawonjezera zigawo mazanamazana ku Asia, Africa ndi America. Koma m'kati mwa zolipira munali kabatani kakang'ono kopatsira mnzako wa pankhondo chigawo chimene walanda. Anthu anayamba kufunsa ngati chimenechi chinali chowonjezeradi, kapena chinthu chimene gemu inayenera kukhala nacho chiyambire.

Madzi anachita katondo mu Juni 2015 ndi Common Sense. Chigawo chilichonse pamapu chili ndi manambala atatu: msonkho, zokolola, ndi amuna oti n'kulowa usilikali. Chigamba chaulere cha nthawi imeneyo chinamangirira zambiri pa manambala amenewa, kuphatikizapo kuchuluka kwa nyumba zimene ungamange m'chigawocho. Koma timabatani titatu tokwezera manambalawo tinali ta olipira okha. Wosagula ankangowayang'ana manambala ake ali chiimire zaka mazana atatu, pamene mnzake wogula akusandutsa mudzi kukhala mzinda. Zinali ngati wagula njinga, patapita chaka wogulitsa n'kubwera kudzakusinthira magiya mwaulere, kenaka n'kukuuza kuti tcheni chogwirizana ndi magiya atsopanowo ugule padera.

Apa mpamene nkhaniyi imatikhudza ifenso pang'ono. Mu Epulo 2016, chigamba chaulere chimene chinatsagana ndi Mare Nostrum chinajambulanso pakati ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo lero wosewera akhoza kusankha Maravi, Lundu kapena Tumbuka m'dera la nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Zambezi. Oikira kumbuyo Paradox amaloza zinthu zotere, ndipo ali ndi mfundo. Gemu yogulitsidwa kamodzi n'kuiwalika sikanabwerera patatha zaka pafupifupi zitatu kudzalemba dzina la Maravi. Amene analipira ntchito imeneyo ndi ogula zowonjezera aja.

Koma taonani zimene zinagwera wosewera Maravi yemweyo patangopita miyezi 6. Chigamba cha Rights of Man, cha mu Okutobala 2016, chinabweretsa lamulo lakuti nzeru zatsopano, monga Renaissance ndi makina osindikizira mabuku, zizibadwira malo amodzi n'kumafalikira pang'onopang'ono. Dziko limene sizinafikeko linkagula luso latsopano modula, mtengo ukukwera ndi 1 peresenti chaka chilichonse mpaka 50 peresenti. Wa ku Italy kapena ku Germany sankamva n'komwe kuwawa, nzeruzo zinkamupeza ali pakhomo. Wakutali njira yake yachidule inali imodzi: kukweza chigawo chimodzi mobwerezabwereza mpaka nzeruzo zitaphukira momwemo. Ndipo kukwezako ndi timabatani tolipira tija. Lamulo linali laulere ndiponso lokakamiza, mankhwala ake ogula. Pa madandaulo onse a m'zaka zimenezi, ili ndi limene ine ndimaliona kuti linalibe poliyankhira, ndipo amene ankati akudyeredwa masuku pamutu sankanama.

Mu Meyi 2017 kampaniyi inakweza mitengo m'maiko ambiri, patatsala milungu yochepa kuti Steam iyambe kuchotsera mitengo monga imachitira pakati pa chaka. Osewera anathamangira kukalemba ndemanga zoipa pansi pa magemu ake, ndipo mu Juni mkulu wa kampaniyo, Fredrik Wester, anapepesa n'kulonjeza kubweza mitengo yakale. Kuyambira pamenepo osewera anadziwa pamene Paradox imamvera kuwawa. Mu 2018 zina zinayamba kumasulidwa. Mu Sepitembala, magulu a m'dziko monga olemekezeka, ansembe ndi amalonda, amene kale ankabwera ndi The Cossacks, anakhala a aliyense. Mu Disembala timabatani ta Common Sense ndi kabatani ka Art of War kaja zinatsatira. Panali patapita zaka zitatu ndi theka anthu akulira.

Khoma litagwa, madandaulo anasamukira pa ubwino wa katundu. Golden Century, cha mu Disembala 2018 momwemo, chinadzudzulidwa kuti n'chowonda, makamaka ndi okonda Spain ndi Portugal amene chinawapangidwira. Chaka cha 2019 chinatha popanda chowonjezera chachikulu, ndipo Emperor, cha mu Juni 2020, chinafika ndi zolakwika zakezake. Kenaka kunabwera Leviathan, pa 27 Epulo 2021, ntchito ya nthambi yatsopano ya Paradox Tinto ya ku Sitges pafupi ndi Barcelona. Gemu inkangotsekeka yokha, mafayilo osungira masewera ankawonongeka, zithunzi zina zinali zosamalizidwa, ndipo batani latsopano losamutsira chitukuko cha zigawo zina kupita ku likulu linkabala mizinda ya manambala osamveka. Choipa koposa, chigamba chaulere nacho chinali chodwala, kotero ngakhale amene sanatulutse tambala anapeza gemu yawo itawonongeka. Pa Steam, ndemanga zoyamikira sizinafike 10 pa 100 iliyonse, ndipo panthawiyo Leviathan inatchuka ngati katundu wonyozedwa kwambiri pamsika wonsewo. Andersson anapepesa poyera, zigamba zokonza n'kutuluka motsatizana.

Zimene zinatsatira zinali zofatsa. Origins, cha mu Novembala 2021, chinayang'ana Africa, monga Mali, Songhai, Kongo, Ethiopia, Kilwa ndi Mutapa. Lions of the North chinabwera mu 2022, Domination ndi King of Kings mu 2023, ndipo Winds of Change mu Meyi 2024. M'malo mwa malamulo atsopano okhudza aliyense, zambiri zinali mamishoni, ntchito zolembedweratu zimene dziko limachita motsatana n'kumalandira mphoto. Ambiri anazilandira bwino. Ena anati mphotozo zanyanya, maiko okondedwa asanduka zimphona, ndipo wosewera sakupanganso mbiri yake koma akungotsatira njira imene wina anamulembera. Dandaulo limeneli ndi la anthu okhuta, ndipo ndimalimva, koma silikufanana ndi la 2016.

Pa nkhani ya ndalama, mu Malichi 2021 kampaniyi inayambitsa njira yolipira pamwezi, madola 4.99 panthawiyo, kuti munthu agwiritse ntchito zowonjezera zonse osazigula. Mu Okutobala 2024, Art of War, Common Sense ndi Rights of Man zinalowetsedwa mu gemu yeniyeniyo. Uku kunali kuvomera mochedwa zimene osewera ananena kalekale, kuti popanda zitatuzi gemu inali yosakwanira. N'chifukwa chakenso wosewera wakale ndi watsopano samvana akamakamba za mtengo. Wakale analipira madola 15 kapena 20 kawiri pachaka, nthawi zambiri mitengo itachotseredwa, n'kusewera maola masauzande, ndiye amaona kuti zinamukomera. Watsopano amaona bilu yonse tsiku limodzi. Onse awiri akunena zoona, kungoti kampani inatenga zaka pafupifupi 8 isanaganizire wachiwiriyu.

Europa Universalis V inatuluka pa 4 Novembala 2025, yoyambira m'chaka cha 1337, ndipo inafika pamsika ndi phukusi lodula lolonjezeratu zowonjezera zimene zinali zisanatuluke. Njira ija sinasinthe. Inu amene mukufuna kuyesa yachinayiyi, musaope mndandanda uja: gulani gemu yokhayo, makamaka mitengo ikachotseredwa, poti zitatu zofunika zija zili momwemo kale. Zinazo muziyese mwezi umodzi kaye musanatulutse ndalama zanu.