Makande a ku Chilwa ndi Mbiri ya Petulo

Makande ndi dothi lakuda limene limang'aluka m'chilimwe, n'kumata ngati ulimbo mvula ikagwa. Limapezeka m'madambo a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, dera la minda ya mpunga ya Likangala ndi Domasi, ndipo mlimi amalidziwa ndi mmene limakakamirira ku khasu. Khalidweli limachokera ku mtundu wa dongo wotchedwa montmorillonite, umene tinthu take n'topyapyala, tosanjikizana, tokhala ndi mphamvu yogwira madzi ndi zinthu zina pamwamba pake. Dongo la mtundu umenewu, ngakhale silinakumbidwe ku Chilwa, ndi limene linasintha kapangidwe ka petulo padziko lonse.

Mafuta okumbidwa pansi amatuluka ali olemera, chifukwa mamolekyu ake ambiri ndi maunyolo aatali a carbon ndi hydrogen, pamene petulo amafuna aafupi. Kuyambira mu 1913 makampani ankadula maunyolowa ndi moto wokha, koma petulo wake sanali wabwino kwenikweni. Eugène Houdry, injiniya wa ku France, anapeza kuti nthunzi ya mafuta ikadutsa pa dongo lotsukidwa ndi asidi, maunyolo amaduka msanga. Fakitale yaikulu yotsata njira yake inatsegulidwa mu 1937 ku Marcus Hook, m'dziko la America, pansi pa kampani ya Sun Oil.

Ntchito yonse imachitikira pamwamba pa dongolo, ndipo apa m'pamene pagona luso. Molekyu ya mafuta sisungunuka m'dongo. Imangomatirira pakhungu pake, pamalo pamene pali asidi. Asidiyo amafooketsa unyolo, unyolo n'kuduka, zidutswa n'kunyamuka kusiyira malo molekyu ina. Ikagwira mofooka imadutsa osaduka. Ikagwira molimba kwambiri imakhalira pomwepo n'kusanduka mwaye wotseka malowo, ndipo pa mphindi zochepa dongo limaleka kugwira ntchito. Houdry ankawotcha mwayewo ndi mpweya kuti dongo libwerere mwakale. Mu 1942, ku Baton Rouge, ku America komweko, akatswiri ena anayamba kugwiritsa ntchito dongo lopera ngati ufa, lomazungulira pakati pa chipinda chodulira mafuta ndi chowotchera mwaye. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Charles Plank ndi Edward Rosinski a kampani ya Mobil anabweretsa zeolite, yokhala ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo anailimbitsa ndi zitsulo zosowa monga lanthanum kuti ipirire kutentha.

Zitsulo zosowazi zili m'mbiri ya Chilwa. Chilumba cha Chisi, chimene maboti ochokera pa doko la Kachulu amapitako, ndi chotsalira cha chiphalaphala chimene chinakwera kuchokera pansi zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mu 1937, chaka chomwe fakitale ya ku Marcus Hook inayamba ntchito, Frank Dixey, mkulu wa ofesi yofufuza za miyala ku Zomba, pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, anasindikiza lipoti la miyala ya m'derali. Anaonetsa kuti miyala yonga ya laimu ya pachilumbapo inabadwa ndi moto, osati m'madzi. Imeneyi inali miyala yoyamba ya carbonatite kuzindikirika mu Africa, ulemu umene Chisi sichipatsidwa mokwanira. Miyala ya mtunduwu ndi imene imasunga lanthanum ndi cerium, ndipo ilinso ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka.

Dziko la Malawi lilibe fakitale yoyengera mafuta. Petulo amalowa atayengedwa kale, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo pa Kachulu amafika m'zigubu, kudzathiridwa m'injini za maboti ndi m'njinga zamoto za kabaza zonyamula matemba kupita ku Zomba.