Marconi: Mbali Imene Timaidumpha M'kalasi

Tikamaphunzitsa za mafunde a wailesi, dzina la Guglielmo Marconi timangolitchula modutsa, ana n'kulilemba m'kope, basi. Lero ndati tione bwino mbiri ya munthuyu, chifukwa ili ndi mbali ziwiri ndipo ana ayenera kumva zonse.

Marconi anabadwa pa 25 Epulo 1874 ku Bologna, m'dziko la Italy. Bambo ake anali mwini minda, mayi ake, Annie Jameson, anali a ku Ireland. Digiri ya ku yunivesite analibe. Zambiri anaphunzira kunyumba, zina kwa Augusto Righi, pulofesa wa fizikisi wa ku Bologna komweko. Mu 1894 anawerenga za Heinrich Hertz, yemwe anali atasonyeza kuti pali mafunde a magetsi oyenda mumlengalenga popanda waya. Akatswiri ambiri ankaona ngati imeneyi ndi nkhani ya mu labotale. Koma mnyamata wa zaka 20 anadzifunsa kuti, kodi mafundewa sanganyamule uthenga?

Anayamba kuyesa m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya bambo ake, Villa Griffone. Mu 1895 anapeza kuti akakweza waya m'mwamba, mbali ina n'kuilumikiza m'dothi, uthenga umafika patali kwambiri, mpaka kuseri kwa chulu chachikulu cha pamudzipo, mtunda wa pafupifupi makilomita awiri. Tinene zoona, zipangizo zambiri sanazitulukire yekha. Anatenga nzeru za Hertz, Édouard Branly ndi Oliver Lodge n'kuziphatikiza kukhala chinthu chogwira ntchito. Luso lake linali pamenepo.

Mu 1896 anapita ku London ndi mayi ake, komwe William Preece, injiniya wamkulu wa positi ofesi, anamuthandiza kuonetsa makina ake. Mu 1897 anakhazikitsa kampani ya Wireless Telegraph and Signal Company, imene mu 1900 inatenga dzina lake. Fakitale yake inali ku Chelmsford. Pa 12 Disembala 1901, ali ku St John's, Newfoundland, atakweza waya ndi kaiti, ananena kuti wamva timadontho titatu ta chilembo S kuchokera ku Poldhu, ku England, kutsidya la nyanja ya Atlantic. Mpaka lero alipo akatswiri okayika ngati anamvadi, koma m'zaka zotsatira kampani yake inkatumizadi mauthenga kuwoloka nyanjayo. Mu 1909 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun.

Phindu la ntchitoyi linaonekera poyera mu Epulo 1912. Sitima ya Titanic ikumira, anyamata awiri a kampani ya Marconi, Jack Phillips ndi Harold Bride, anaitana thandizo pa wailesi. Sitima ya Carpathia inamva n'kudzapulumutsa anthu pafupifupi 700. Phillips anafera pomwepo.

Tsopano nayi mbali imene mabuku athu a sayansi sanena. Mu 1923 Marconi analowa chipani cha Fascist cha Benito Mussolini, ndipo mu 1930 Mussolini anamuika kukhala mtsogoleri wa bungwe la akatswiri la Royal Academy of Italy. Italy italowa ndi nkhondo m'dziko la Ethiopia mu 1935, nkhondo imene asilikali ake anathira anthu mpweya wapoizoni, Marconi anaikira kumbuyo boma lake poyera. Munthu yemwe makina ake anapulumutsa anthu panyanja sanaone cholakwika pamene Aafirika ankaphedwa m'dziko lawo lomwe.

Anamwalira ku Rome pa 20 Julayi 1937, ndipo mawailesi ambiri anakhala chete kwa mphindi ziwiri pomupatsa ulemu.

Ndiye tiziwauza chiyani ana? Ine ndimawauza kuti atengere khama la mnyamata uja wa m'chipinda chapamwamba, amene sanadikire digiri kuti ayambe kuyesa zinthu. Kenako ndimawauza za Ethiopia, n'kuwafunsa kuti akadzakhala ndi luso ndi dzina, adzaima mbali ya ndani. Aphunzitsi anzanga, mukadzafika pa mutu wa mafunde teremu ino, patulani mphindi zisanu za nkhani imeneyi.