Kuya kwa Nthaka ndi Kakulidwe ka Udzu ku Mzimba

Kuya kwa nthaka ndi mtunda umene mizu ingalowe pansi isanakumane ndi thanthwe, lubwe kapena madzi okhazikika. Kum'mwera kwa boma la Mzimba, kuchokera m'mapiri a Viphya kutsikira kumadambo a mtsinje wa South Rukuru, kuyaku kumasintha pamtunda waufupi, ndipo udzu umasintha nako.

Mvula kuno imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, ndipo pakati pa dzinja pamakhala ng'amba. Nthaka yakuya, monga katondo, imasunga chinyezi masiku ambiri. Pamenepo tsekera amatalika kupitirira mamita 2, n'kuphimba udzu waufupi mpaka kuufooketsa. Chimene udzu umalimbirana pamalo otere ndi dzuwa, ndipo wautali ndiwo umapambana. N'chifukwa chake amayi odula udzu wofolera nyumba amalunjika kuminda yogonera ndi m'mphepete mwa dambo, osati pamsana pa phiri.

Pamiyala zinthu n'zosiyana. Dothi lochepa limauma pakangopita masiku owerengeka mvula itadula, choncho tsekera amapinimbira. Umene umapirira ndi udzu waufupi wamasamba opyapyala, wa mtundu wa Loudetia, womera m'zitsinde zotalikirana, pakati pake pakuoneka nsangalabwi. Sikuti udzuwu umakonda nthaka yosauka. Kungoti kumeneko kulibe woutsekereza dzuwa. Mitengo ya masuku nayonso imachuluka pamalo otere.

Dambo limanyenga maso. Dothi lake ndi lakuya, koma m'dzinja madzi amadzaza mpaka pamwamba, mizu n'kusowa mpweya. Pakati pake pamamera bango ndi zomera zina zopirira madzi, pomwe nsenjere imakonda m'mbali mwa mitsinje. Kutsatizana kwa nthaka kotereku, kuchokera pamtunda mpaka kudambo, kunalongosoledwa ndi katswiri wa nthaka Geoffrey Milne mu 1935 kum'mawa kwa Africa.

Ng'ombe, zimene Angoni a M'mbelwa amaweta zambiri cha ku Edingeni ndi Embangweni, zimasintha mpikisano wa udzuwu. Zikadya mobwerezabwereza udzu wautali umatha, ndipo kapinga, amene amayanga pansi, amalanda malo. Panthaka yakuya tsekera amabwereranso msipu ukapumulitsidwa. Pamiyala n'pamene pamafunika chisamaliro chachikulu, chifukwa lupsa ndi ziboda zikasiya dothi pambalambanda, mvula yoyamba imakokolola ngakhale lochepa limene linalipolo.