Kusindikiza

Mawu akuti kusindikiza amanyamula ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya makina: kudinda zilembo papepala, kupinda mapepalawo ndi kumata chikuto. Yachiwiri ndi ya munthu amene amasankha zolemba, kuzikonza pamodzi ndi mlembi, kulipira mwini makina, kenako kufikitsa buku kwa owerenga.

Amene akuyamba kampani yaing'ono ya mabuku agwiritsitse tanthauzo lachiwirili, chifukwa kugula makina sikofunika. Chofunika ndi diso lozindikira nkhani yabwino, mkonzi wosamala kalembedwe, ndiponso ISBN, chizindikiro cha manambala 13 chimene ogulitsa amadziwira buku lililonse. Mabuku akangounjikidwa m'makatoni kuchipinda, ntchito sinathe. Wosindikiza weniweni amawanyamula n'kukagogoda kusitolo, kusukulu ndi kulaibulale.