Nthambo za Nzeru ndi Boma la Chitipa

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, nthambo ya telegalafu ya Cecil Rhodes idadutsa ku Fort Hill, komwe lero ndi ku Chitipa, pa ulendo wake wochokera ku Karonga kunka ku Abercorn. Nthamboyo idali yotumikira atsamunda, osati eni nthaka.

Patapita zaka pafupifupi 100, kudabwera nthambo za mtundu wina. Maiko olemera adalumikiza mayunivesite awo pa intaneti yapadera yothamanga kwambiri: Internet2 ku America mu 1996, kenaka GÉANT ku Ulaya. Ophunzira akumeneko ankalandira mabuku ndi zotsatira za kafukufuku m'kamphindi. Koma dziko la Malaŵi, pokhala kutali ndi nyanja yamchere, linkadalira setilaiti, yomwe idali yokwera mtengo komanso yochedwa.

Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, mu 2005 mabungwe a ku Malaŵi, Kenya, Mozambique, Rwanda ndi South Africa adakhazikitsa mgwirizano wa UbuntuNet Alliance, womwe likulu lake lili ku Lilongwe. Dziko lino lidaimiridwa ndi bungwe la MAREN. Nthambo za pansi pa nyanja, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zitafika ku Dar es Salaam, mitengo idayamba kutsika.

Komabe kusiyana kudakalipo, ngakhale m'dziko momwe muno. Nthambo zotere zimayamba zafika kumene kuli mayunivesite, pamene ku Chitipa kulibe yunivesite yaboma. Yapafupi ili ku Mzuzu. Mbiri ya Fort Hill ikuphunzitsa kuti nthambo kungodutsa pakhomo sikokwanira: chachikulu n'chakuti ikutumikira yani.