Zidayamba Bwanji? Makhonsolo ndi maloji a asikauti ku America

FUNSO: Ndine mayi wa ku Ntcheu koma ndikukhala ku Michigan, m'dziko la America, ndipo mwana wanga ndi sikauti. Tsiku lina mtsogoleri wawo wachikulire adandionetsa baji yakale, nati loji ya dzina lolembedwa pa bajiyo kulibenso, idamezedwa ndi ina makhonsolo ataphatikizidwa. Adalankhula ngati akulengeza maliro. Kodi zimenezi zidayamba bwanji, nanga amaphatikiziranji? Mayi N., Michigan

YANKHO: Zikomo mayi. Loji ya asikauti si nyumba yogona alendo ngati zija za kunyanja ku Mangochi, ndi gulu la anthu. Ndipo mkuluyo sadali kukokomeza.

Usikauti udayamba mu 1907 pomwe Robert Baden-Powell adatengera anyamata 20 kukagona m'matenti pa chilumba cha Brownsea ku England. Ku America udakhazikitsidwa pa 8 February 1910 ndi William D. Boyce, pansi pa dzina la Boy Scouts of America, lomwe mu 2025 lidasinthidwa kukhala Scouting America. Dzikolo ndi lalikulu, likulu silikadatha kuona kagulu kalikonse ka pa tchalitchi kapena pa sukulu. N'chifukwa chake adagawa madera kukhala makhonsolo, iliyonse ndi komiti yake, thumba lake, antchito ake komanso malo ake akutchire ochitirako kampu.

Loji idabadwira pa kampu pomwepo. Mu 1915, pa Treasure Island, kachilumba ka mu mtsinje wa Delaware komwe asikauti a ku Philadelphia ankapita nthawi ya tchuthi, E. Urner Goodman ndi Carroll A. Edson adafuna njira yolemekezera anyamata omwe ankasungadi lonjezo la usikauti. Adayambitsa gulu lomwe lero limatchedwa Order of the Arrow. Chomwe chimandisangalatsa pa gululi n'chakuti wolowa sasankhidwa ndi akuluakulu. Amamuvotera ndi anzake a m'kagulu kake, omwe amadziwa bwino amene amatunga madzi ndi kutsuka mapoto ena akusewera. Nthambi yoyamba idatchedwa Unami, dzina lochokera kwa anthu a mtundu wa Lenape, eni nthaka a dera limenelo. Nthambi zoterezi ndizo maloji, ndipo mu 1948 gululi lidalandiridwa kwathunthu ngati gawo la bungwe lonse. Loji iliyonse ili ndi dzina lake, chizindikiro chake, kawirikawiri nyama kapena mbalame, ndi baji yosokerera pa chivundikiro cha thumba lakumanja la malaya. Ntchito yake yaikulu ndi kusamala kampu: kulambula njira, kukonza zimbudzi, kudzutsa matenti. Kubwereka mayina ndi zovala za eni nthaka kuja kwakhala kukudandaulitsa eni akewo, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka.

Tsono lamulo ndi lakuti khonsolo imodzi, loji imodzi. Makhonsolo awiri akaphatikizidwa, maloji awo nawonso amayenera kukhala amodzi, afune asafune.

Chimawaphatikizitsa ndi kuchepa kwa ana ndi ndalama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 achinyamata m'bungweli adaposa 4 miliyoni, koma zaka zaposachedwapa akhala ali cha m'ma 1 miliyoni. Mpingo wa Latter-day Saints, womwe udali ndi timagulu tambirimbiri, udatulukamo kumapeto kwa 2019. Mu February 2020 bungweli lidapita kukhoti kukapempha chitetezo pa ngongole chifukwa cha milandu ya anthu omwe adachitidwa nkhanza zogonana ali ana mu usikauti. Odandaula adaposa 82,000, thumba la chipukuta misozi lidaposa madola 2.4 biliyoni, ndipo makhonsolo adasonkhako madola oposa 500 miliyoni. Anthu amenewo adayenera kupepesedwa, pamenepo palibe kukangana. Koma makhonsolo ambiri adapeza ndalamazo pogulitsa malo a kampu. Makhonsolo omwe kale adaposa 500 lero atsala pafupifupi theka.

Kwanu ku Michigan, makhonsolo 9 adaphatikizidwa mu 2012 n'kupanga Michigan Crossroads Council. Maloji adayamba atsala anayi, kenako adakhala imodzi yotchedwa Mishigami. Baji yomwe mudaonayo mwina ndi ya imodzi mwa omwe adazimirira m'njiramo. Ngakhale komwe zidayambira sikudapulumuke: mu 1996 khonsolo ya Philadelphia idaphatikizidwa ndi ya Valley Forge n'kukhala Cradle of Liberty. Dzina la Unami lidatsala, la Delmont, loji ya ku Valley Forge, lidapita. Kampu ya Treasure Island, itasakazidwa ndi madzi osefukira, idatsekedwa itatha nyengo ya 2008.

Zigawo zikuluzikulu zomwe makhonsolo amagawidwamo nazo zakhala zikusunthasuntha: zidali 12, zidakhala 6 mu 1972, zidatsika kufika pa 4 mu 1992, ndipo mu 2021 zidalowedwa m'malo ndi madera 16. Malire akasintha, loji imapezeka ikusonkhana ndi alendo, anansi omwe idazolowerana nawo atagwera tsidya lina.

Sindikutsutsa kuphatikiza konse. Khonsolo yopanda ndalama singaphunzitse atsogoleri kapena kuteteza ana, ndipo ofesi imodzi yolimba iposa zitatu zotsimphina. Chomwe chimandipweteka ndi mtunda. Kholo lomwe linkayenda mphindi 30 kupita ku msonkhano tsopano liyenda maola awiri, ndipo wosowa galimoto amangosiya. Mipando ya utsogoleri wa achinyamata imachepanso: pomwe padali atsogoleri anayi a maloji, pamatsala mmodzi. Ndipo munthu amene adakhoma yekha misomali pa kanyumba ka pa kampu ali ndi zaka 15, akamva kuti malowo agulitsidwa, simungamutonthoze ndi malipoti a zachuma.

Mayi, mkulu ujayo mukakumana naye, mutengereni mwana wanu. Akamufunse dzina la loji yakaleyo, tanthauzo lake, ndi komwe kampu yawo idali.