Cilolezo ca Zithunzi za Mumlengalenga: Mbiri ya Lamulo la ku Germany

Munthu akamanga mpanda wa udzu kuzinga nyumba yake, amabisa za pabwalo kwa wodutsa m'njira, koma kabawi wouluka pamwamba amaona zonse, nkhuku ndi anapiye omwe. Mafumu a maiko anakhala zaka mazana ambiri akumanga malinga ndi kuika alonda pa zipata, osalabadira za kumwamba, pakuti kunalibe mdani wa mapiko. Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1858, pamene munthu wina wa ku France, wodziwika ndi dzina lakuti Nadar, anakwera m'cibaluni pafupi ndi mzinda wa Paris, najambula dziko ali m'mwamba.

Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 ndege zinajambula maenje obisalamo asilikali, mizinga ndi njanji za adani, ndipo akulu a nkhondo anazindikira kuti kamera imodzi iposa azondi ambiri. Cifukwa cake pangano la maulendo a ndege limene maiko anapangana ku Paris m'caka ca 1919 linapatsa dziko liri lonse mphamvu yoletsa makamera m'ndege zodutsa pamwamba pake, kapena kuwaikira malamulo. Pangano la ku Chicago la 1944 linabwereza mfundo yomweyo m'ndime yake ya 36.

Mwa maiko amene anagwiritsa mphamvuyi, West Germany ndiye amene mbiri yake iphunzitsa zambiri. Itatha nkhondo yaciwiri dziko la Germany linagawika pawiri, ndipo magulu a nkhondo a kuzambwe ndi a kum'mawa anali kupenyana pa malire. Ndime ya 27 ya lamulo la ndege inafuna zilolezo ziwiri. Coyamba cinali ca kujambula uli m'ndege. Caciwiri cinali ca kutulutsa cithunzico kwa anthu, kaya m'buku, m'nyuzipepala kapena pa khadi logulitsa kwa alendo. Ngakhale cojambula ca pamanja cotengera pa cithunzico cinafunika cilolezo. Wojambula ankatumiza zithunzi zake ku ofesi ya boma la cigawo nadikira, ndipo cithunzi coonetsa malo a asilikali cinkatha kukanizidwa. Ndico cifukwa cake m'mabuku a zaka zimenezo, pansi pa cithunzi ca mzinda kapena ca mtsinje wa Rhine, muli kamzere ka zilembo zazing'ono kochula ofesi imene inabvomereza ndi nambala ya cilolezo.

Komatu lamulolo linali ndi khomo lake lotsegula. Silinakhudze zithunzi zojambulidwa m'ndege zonyamula anthu pa maulendo a nthawi zonse. Waulendo wokhala pa zenera ankajambula cimene diso lake lagwerapo osapempha kwa munthu, pamene woyesa malo, mtolankhani ndi wosindikiza mabuku a sukulu anali kudikira cidindo. Mtolo wa lamulo unagwera iwo amene nchito yao inali kuonetsa anthu dziko lao.

Cimene cinafoola lamuloli koposa ndi masetilaiti, makina ozungulira dziko kutali pamwamba pa njira za ndege, kumene mphamvu ya boma la cigawo sifika. Masetilaiti a azondi a Soviet Union anali kujambula West Germany osapempha cilolezo kwa wina ali yense. M'caka ca 1972 America inaponya Landsat, ndipo zithunzi zake zinagulitsidwa kwa wofuna ali yense. M'caka ca 1986 France inaponya SPOT, imene inkatha kuzindikiritsa cinthu ca mamita 10. Caka comweco, nyumba yopangira magetsi a nyukiliya itaphulika ku Chernobyl, zithunzi za setilaiti zinaoneka m'manyuzipepala a maiko ambiri boma la Soviet Union likali kuumira mau. Motero mdani amene lamulo linafuna kumphimba m'maso anali kuona kale, ndipo wophimbidwa anali mwini dziko yekha.

Khoma la ku Berlin linagwa mu November 1989, ndipo kuyambira pa 1 July 1990 cilolezo ca zithunzi za mumlengalenga cinathetsedwa, patatsala miyezi itatu kuti zigawo ziwiri za Germany zigwirizanenso. Boma silinataye cinsinsi conse. Lamulo la milandu linasunga cilango kwa iye wojambula zida kapena malo a nkhondo akudziwa kuti aika dziko pa ngozi. Kusiyana kwake ndi uku: kale cithunzi ciri conse cinkayesedwa coopsa kufikira boma litacimasula; tsopano cithunzi ciri conse ncomasuka kufikira citapezeka ndi mlandu.

Si maiko onse amene anatsata njira imeneyi. Sweden, dziko la kumpoto kwa Germany kutsidya kwa nyanja ya Baltic, linakhazikitsa lamulo latsopano m'caka ca 2016, pa nthawi imene tindege topanda woyendetsa mkati tinafika m'manja mwa anthu wamba. Wofuna kufalitsa cithunzi ca kumtunda apempha kwa Lantmäteriet, ofesi ya mapu; ca kunyanja apempha kwa Sjöfartsverket; ndipo wophwanya lamulo alipitsidwa kapena kumangidwa kufikira caka cimodzi. Maganizo a boma ndi a mwambi uja wakuti madzi akatayika saoleka: cithunzi cikalowa pa intaneti sicibwezeka. Koma pofuna kuti ofesi isakwiririke ndi mapempho, malamulo otsatira anapatulako malo ena monga nyumba zogonamo, minda ndi mabwalo a masewera, ndipo zithunzi zocokera ku setilaiti zokha sizinafunikire cilolezo.

Kupatula kotsirizaku kunena comwe Germany anabvomera m'caka ca 1990. Boma lingathe kuima pa khomo la bwalo la ndege ndi pa khomo la wosindikiza, koma pamwamba pa mitambo liribe khomo loimapo.